Kuwotcherera pa pikiapu yanu pakhomo: kaliyala wa katundu ndi chigamba cha pansi podyeka

Amene anazolowera kuwotcherera mageti, mafelemu a mawindo ndi mabedi amadabwa tsiku loyamba kugwira galimoto. Rodi ikangokhudza, bowo. Chitsulo cha geti chimapirira moto, koma lata la bodi ya galimoto ndi lopyapyala, nthawi zambiri pakati pa 0.7 ndi 1 mm, ndipo kuseri kwake kuli mawaya, mapaipi a mafuta, kapeti ndi phula loteteza dzimbiri. Ntchito yonse ya pa galimoto yagona pa kudziwa kupima moto: wokwanira kusungunula zitsulo ziwiri kuti zikhale chimodzi, koma osapitirira pamenepo. Tiona ntchito ziwiri zimene eni mapikiapu amakonda kudzipangira okha, kaliyala wonyamulira malata, matabwa ndi mapaipi, komanso chigamba pansi pamene dzimbiri laboola.

Yambani ndi magetsi

Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi 230 V, ndipo pulagi ya mano atatu ija imakhala ndi fyuzi ya 13 A. Ndiye kuti soketi imodzi ingakupatseni mphamvu pafupifupi 3 kW basi. Makina aang'ono a inverter, okhala ngati kachikwama aja, amakwanira bwino pamenepa mukamagwiritsa rodi ya 2.0 kapena 2.5 mm. Mukakweza moto kufika pa rodi ya 3.2 mm kwa nthawi yaitali, fyuzi imapsa. Kumanga waya m'malo mwa fyuzi ndi njira yowotchera nyumba, osati yothetsera vuto.

Chingwe chotalikitsira magetsi chikhale cha 2.5 mm², ndipo chikapitirira mamita 20 pezani cha 4 mm². Chitambasuleni chonse. Chingwe chokulungidwa chimatentha mkati mpaka pulasitiki kusungunuka, pamene chopyapyala chimafooketsa magetsi, rodi n'kumangokakamira inu n'kumada makina opanda mlandu. Wogwiritsa jenereta apeze ya 5 kVA kapena kuposa, yokhala ndi AVR, kachipangizo kokhazikitsa magetsi pamlingo umodzi, chifukwa magetsi okwera ndi kutsika amapha inverter msanga.

Pa makina pamalembedwa duty cycle. Imawerengedwa pa mphindi 10: akalemba 60% pa 120 A, muwotcherere mphindi 6, makina apume mphindi 4. Kagetsi kachikasu kochenjeza kuti makina atentha kakayaka musazimitse makina, asiyeni fani izizungulira kuti azizire.

Rodi kapena MIG

Kaliyala amatheka bwino ndi makina a rodi. Gulani E6013. Nambala 60 ikunena kulimba kwa msoko, mapaundi 60,000 pa sikweya inchi, 1 akutanthauza kuti imawotcherera mbali iliyonse, chogona, choimirira ngakhale chapamwamba, ndipo 3 ndi mtundu wa chokutira chake, chimene chimayaka mosavuta ndipo sichilowa kwambiri m'chitsulo. Kusalowa kwambiri kumeneku ndi kumene tikufuna pa zitsulo zopyapyala. Poyambira pabwino ndi apa: rodi ya 2.0 mm pakati pa 40 ndi 65 A, ya 2.5 mm pakati pa 60 ndi 90 A, ya 3.2 mm pakati pa 90 ndi 130 A. Nambala za pa makina otchipa sizinena zoona nthawi zonse, choncho mlandu umagamulidwa ndi chidutswa choyeserapo. Pa chitsulo chopyapyala lumikizani chogwirira rodi ku negative, waya wa earth, wopanidwa pa chitsulo chomwe mukuwotcherera, ku positive, moto sulowa mwakuya. Marodi asungeni pouma. Onyowa amathetheka, amazima, ndipo msoko umatuluka ndi timabowo.

Pa lata la bodi, MIG ndiyo mfumu: makina amene, m'malo mwa rodi, amatulutsa waya wowotcherera ndi gasi woteteza msoko kudzera mu tochi yogwira m'manja. Waya wake ndi ER70S-6 wa 0.6 mm pa lata, wa 0.8 mm pa machubu a kaliyala. Gasi ndi argon yosakaniza ndi CO2, kapena CO2 yokha, yomwe ndi yotsika mtengo koma imatentha ndi kuthetheka kwambiri. Tsegulani gasi pa malita 10 mpaka 12 pa mphindi, ndipo tochi ikhale ku positive. Waya wosafuna gasi, wa flux-core, umafuna kutembenuza mawaya kuti tochi ipite ku negative. Ambiri amaiwala zimenezi n'kunena kuti wayayo ngwachabechabe. Komabe ngakhale mutatembenuza bwino, wa flux-core umatentha mopitirira pa lata la 0.8 mm. MIG ya gasi imadana ndi mphepo: kamphepo pang'ono kamauluza gasi ndipo msoko umakhala ngati chisa cha njuchi. Ngati mukugwirira pabwalo, tchingani ndi lata kumbali kochokera mphepo.

Zina zofunika: gilayinda ya 115 mm ndi madisiki atatu, yodulira ya 1 mm, yopalira, ndi yosalalitsira, flap disc ya nambala 60, burashi ya waya, kahamala kogogodera slag, chikhungu cholimba chimene rodi imasiya pamwamba pa msoko, sikweya, tepi, ndi makalampu osachepera anayi. Makalampu musaumire, ndi amene amagwira ntchito yowongola.

Thupi lanu

Chigoba chotchinga nkhope chikhale ndi galasi la shade 10 kapena 11. Kutsinzina kapena kuvala magalasi adzuwa sikuteteza kanthu. Kuwala kwa moto wowotcherera kumapsereza diso, ndipo ululu umabwera patapita maola angapo, kawirikawiri usiku, ngati wina wathiramo mchenga. Zikatero pitani kuchipatala, musathiremo mankhwala ongomva kwa anzanu. Ana okonda kuonerera athamangitseni. Valani ovolosi ya thonje ya manja aatali, magolovesi achikopa ndi jombo. Nsalu ya nayiloni ikapsa imamatirira pakhungu. Pogwiritsa gilayinda valani magalasi oyera, ndipo chotchinga disiki chisachotsedwe.

Utsi wa mitundu iwiri ndi woopsa kwambiri. Chitsulo cha galvanised, chokutidwa ndi zinc, chimatulutsa utsi woyera wa zinc umene umadwalitsa ngati malungo, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi usiku womwewo. Palani zinc yense pamalo owotcherera ndipo gwirirani pamphepo. Wachiwiri ndi wa brake cleaner yokhala ndi chlorine: ikakumana ndi moto wowotcherera imasanduka phosgene, mpweya wakupha ngakhale utachepa. Pukutani ndi acetone, mudikire iume, botolo mulichotse pafupi.

Kukonzekeretsa galimoto

Chotsani kiyi, masulani batire kuyambira ku negative, waya wake muukankhire kutali kuti usabwerere pamutu pa batire. Pa galimoto ya ma airbag dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu musanagwire chilichonse, popeza mphamvu imatsalira m'kabokosi kake. Ngati mukuwotcherera pafupi ndi kompyuta ya injini, zulani mapulagi ake. Galimoto ya hybrid, monga Toyota Aqua kapena Prius, ili ndi mawaya a mtundu wa lalanje onyamula magetsi akupha. Imeneyo si ya pakhomo.

Waya wa earth ndi umene umawononga magalimoto ambiri mwakachetechete. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, pa lata lomwelo mukuwotchereralo, osapitirira chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa msoko, ndipo panani wayayo pamenepo. Mukapana kutali, magetsi amadzifunira okha njira yobwerera, ndipo angadutse m'maberingi, m'mahinjesi a chitseko, mu kebulo ya handibuleki kapena m'timawaya ta galimoto. Beringi yodutsidwa ndi magetsi imachita timabala mkati n'kuyamba kulira patapita miyezi, mwini ataiwala kale za tsiku lowotcherera.

Kenako lowani pansi ndi tochi yowunikira, muone chimene chili kuseri. Mapaipi a mafuta ndi a mabuleki amayenda pansi pa bodi, ndipo pa mapikiapu ambiri thanki ili pansi pomwe pa bodi yonyamulira katundu. Chomasuka chimasuleni, chosamasuka chitchingeni ndi lata komanso thumba la ziguduli lonyowa. Ngati bowo lili pamwamba penipeni pa thanki, tsitsani thanki kapena masulani bodi yonse muiike pambali. Thanki yopanda mafuta ndi yoopsa kuposa yodzadza, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wa mafutawo. Thanki yeniyeniyo musaiwotcherere, ngakhale wina akuuzeni kuti waitsuka. M'kati mwa kabini chotsani mipando, kapeti ndi thonje la pansi pake, ndipo palani phula masentimita 10 kuzungulira malo onse, mbali zonse ziwiri. Magalasi aphimbeni ndi katoni wonyowa, timoto ta gilayinda timamira m'galasi osachokanso. Pafupi pakhale chozimitsira moto cha ufa, ndowa ya mchenga, ndi munthu wachiwiri woyang'ana kuseri, poti muli m'chigoba simuona moto ukayamba. Mukamaliza musachoke pamalopo kwa theka la ola.

Kaliyala

Kaliyala amawotchereredwa pansi, n'kumangidwa pa galimoto ndi mabawuti. Musamuwotcherere pa bodi, ndipo chasisi musachikhudze ndi rodi. Chasisi chimapindika ndi kubwerera pa bampu iliyonse, ndipo msoko wopingasa m'mphepete mwake, pamwamba kapena pansi, ndi pamene mng'alu umayambira. Chasisi chong'aluka ndi nkhani ya kwa akatswiri, komanso ya COF ku Road Traffic.

Maonekedwe osavuta ndi a magoli awiri, ngati a mpira: limodzi kuseri kwa kabini, lina pafupi ndi chitseko chakumbuyo, olumikizidwa ndi machubu awiri aatali pamwamba ndi chopingasa chimodzi pakati. Chubu ya sikweya ya 38 x 38 x 2 mm ndi yokwanira. Imalemera pafupifupi 2.2 kg pa mita, imagulitsidwa yotalika mamita 6, ndipo pikiapu ya kabini imodzi imadya machubu atatu. Ya 1.6 mm ndi yopepuka koma imabooka msanga kwa wophunzira. Pamwamba pa kaliyala papitirire denga la kabini ndi masentimita 5 mpaka 8, ndipo goli lakutsogolo lisakhudze kabini paliponse. Kabini ndi bodi yakumbuyo zimagwedezeka payokhapayokha pa msewu wa mabampu, zikakhudzana zimaperesana mpaka kung'amba.

Mapazi apangeni ndi chitsulo chafulati cha 5 mm, chilichonse pafupifupi 60 x 150 mm, ndi mabowo awiri a 11 mm. Amakhala pa mlomo wa bodi. Mlomowo ndi lata chabe, choncho pansi pake pamafunika chitsulo china chofanana kuti mabawuti apane lata pakati, apo ayi nati imang'amba lata n'kutulukira. Mabawuti akhale M10 olembedwa 8.8 pamutu, ndi manati a nyloc osamasuka okha. Pakati pa phazi ndi penti ikani kachidutswa ka chubu chakale cha tayala.

Yezani galimoto yeniyeniyo, kutsogolo ndi kumbuyo padera, chifukwa bodi yogwira ntchito zaka zambiri imakhala itatanuka. Makona aduleni pa madigiri 45, ndipo palani mpaka kuwala masentimita awiri kuzungulira podulapo. Penti, dzimbiri ndi mafuta amene machubu amabwera nawo zimabala timabowo mu msoko. Pokumana pakhale pothina. Mpata woposa 1 mm pa chubu ya 2 mm ndi bowo lomwe likungodikira rodi.

Yalani goli pa simenti yosalala, panani ndi makalampu, ndipo donthezani timadontho togwirizira pa kona iliyonse, osawotcherera kaye. Yezani chopingasa kuchokera kona ina kufika ya kutsidya, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyi ikafanana, kapena kusiyana osaposa 2 mm, goli lili sikweya. Ikasiyana, gogodani kona ya mbali yaitaliyo pansi pang'ono, timadontho timalola. Kwezani magoli pa galimoto, muone ngati akhala, ikani zizindikiro za mabowo, tsitsani.

Msoko ukamazizira umafupika n'kukokera zitsulo kumbali yake. N'chifukwa chake womaliza kona imodzi mbali zonse zinayi asanapite pa ina amapeza felemu itapotoka. Wotchererani nkhope imodzi pa kona yoyamba, pitani pa kona ya kutsidya, tembenuzani felemu, chitaninso chimodzimodzi. M'kati mwa kona mumalizire, ndimo mumakoka kwambiri, ndipo musanatero donthezani chitsulo chakanthawi pakati pa miyendo kuti isatsekeke. Tembenuzani felemu nthawi zonse kuti msoko uliwonse muuwotcherere chogona. Palibe mphotho ya kuwotcherera choimirira chinthu chimene mungathe kuchigoneka. M'makona onse a pamwamba ndi pa mapazi ikani tizitsulo ta makona atatu ta 80 x 80 x 3 mm. Kaliyala sathyoka ndi kulemera kwa katundu kokha, amathyoka ndi kugwedera kutsogolo ndi kumbuyo pomanga mabuleki, ndipo tizitsulo timeneti ndi timene timaletsa. Pansi pa chubu iliyonse yotsekeka boolani kabowo ka 4 mm: mpweya wotentha umatulukirapo pomaliza msoko, ndipo madzi a mvula sadikhamo.

Dzanja pa rodi

Yatsani rodi ngati mukukhwatcha machesi, kenako itsitseni kuti mpata pakati pa nsonga ndi chitsulo ukhale wofanana ndi kunenepa kwa waya wa mkati mwa rodi. Pendeketsani pang'ono, madigiri 10 mpaka 15, kuloza kumene mukupita, ndipo kokani, musakankhe. Mukakankha, slag imathamangira kutsogolo n'kukwiririka mu msoko. Diso lisakhale pa kuwala koma pa kadziwe ka chitsulo chosungunuka kuseri kwa rodi. Kadziweko ndi kowala, slag ndi yoderapo ndipo imayandama kumbuyo. Pa chubu ya 2 mm yambani ndi rodi ya 2.5 mm pa 65 A, muyende mzere wowongoka osagwedeza dzanja. Kadziwe kakayamba kukula ndi kumira, dukizani, muwerenge kawiri, muyatsenso chitsulo chikadali chofiira. Polumikiza chubu ndi phazi la 5 mm kwezani kufika 80 kapena 90 A ndipo lozani rodi kwambiri pa phazi, moto ungonyambita chubu.

Msoko umanena wokha chimene chalakwika. Wotumphuka ngati mbozi yogona pamwamba, wosalowerera m'mbali, ndiye kuti moto wachepa kapena mwathamanga, ndipo umenewu ndi woopsa koposa poti umaoneka ngati wagwira. Ngalande m'mphepete mwa msoko ndi moto wochuluka kapena rodi yotalikira. Timabowo ndi dothi, rodi yonyowa, kapena gasi wouluzika. Mzere wakuda pakati, chitsulo chitagwira mbali ziwiri padera, ndi slag yokodwa, vuto lodziwika la E6013 m'makona pamene moto wachepa. Musapakepo msoko wina pamwamba. Palani mpaka chitsulo choyera, muyambirenso. Msoko wabwino slag yake imasendeka yokha kapena ndi kugogoda kamodzi.

Musanakhudze machubu enieni, wotchererani zidutswa ziwiri zotsala, zipaneni mu vayisi, muzimenye ndi hamala yaikulu. Chipindike ndi chubu, msoko utsale. Ukathyoka pakati n'kuonetsa m'mphepete modulidwa muli momwemo mosasungunuka, moto sunalowe.

Chigamba

Pansi pa pikiapu pamadyeka ndi matope a dzinja ogona m'makona, madzi olowa pansi pa kapeti, ndipo koposa zonse feteleza wotayikira m'matumba, amene amadya chitsulo mofulumira akanyowa. Bowo looneka ndi gawo laling'ono la vuto. Bayani ndi sikuludilaiva kuzungulira, ndipo dulani mpaka pamene chitsulo chili chowala ndi chonenepa monga chinabadwira, masentimita awiri kupitirira dzimbiri lomaliza. Kuwotcherera pa lata lodyeka ndi kuthamangitsa bowo, likumathawira kutsogolo. Disiki isalowe mwakuya, pansi pangakhale chitsulo cholimbitsa.

Jambulani bowo pa katoni, musamutsire pa lata. Lata likhale lakuda wamba la 1 mm, kapena chidutswa cha boneti kapena chitseko cha galimoto yakufa. Malata ofolera nyumba ayi, ndi opyapyala kwambiri komanso okutidwa ndi zinc. Makona a chigamba akhale obulungira, moto umasonkhana pa kona yakuthwa n'kuboola. Ngati pansipo pali mizere yotumphuka, ipangeninso pa chigamba pogogoda pa vayisi yotsegula pang'ono, chifukwa lata lafulati limalira ngati ng'oma ndipo silichedwa kung'aluka.

Ndi MIG, chigamba chilowe m'bowo ndendende, milomo kukumana ndi mpata wosaposa kunenepa kwa waya. Chigwireni ndi maginito. Apa palibe kukoka msoko wautali. Mumadontheza: waya utuluke 8 mpaka 10 mm, finyani batani la tochi theka la sekondi kapena sekondi imodzi, siyani. Moto ukhale wokwera pang'ono kuti kadontho kakhale kafulati ndipo kaonekere kuseri. Kadontho kozizira kamangounjikana pamwamba. Ikani timadontho masentimita atatu aliwonse, mukudumpha mbali ina kupita ina, kenako bwererani kuika tina pakati, mpaka tonse tilumikizane kukhala msoko umodzi. Lata likatentha moti simungaikepo dzanja masentimita ochepa kuchokera pa msoko, pumulani. Kuthira madzi kumalifupikitsa mwadzidzidzi n'kulikhotetsa. Milomo ikayamba kukwerana kapena kumira, gogodani kadontho ndi hamala mutatsamiritsa chitsulo cholemera kuseri, kuti kafutukuke. Pakabooka, gwirizani chidutswa cha kopa kuseri, paipi ya kopa yophwatalala imakwana. Chitsulo chosungunuka sichimata pa kopa, ndipo kopayo amayamwa moto.

Wokhala ndi makina a rodi okha asayese kukumanitsa milomo. Dulani chigamba cha 1.2 mm chopitirira bowo ndi 10 mpaka 15 mm mbali zonse, chipaneni chigone osasiya mpata, ndipo gwiritsani rodi ya 1.6 kapena 2.0 mm pa 30 mpaka 45 A, ku negative. Yatsirani pa chigamba, kadziwe katsetserekere pa lata lakale, dukizani msanga. Gogodani slag pa kadontho kalikonse musanaike kotsatira. Ndi ntchito yochedwa ndipo sioneka bwino, koma pansi pa kapeti imakwana. Choipa chake ndi chakuti pakati pa malata awiriwo pamabisala chinyezi, choncho pakanipo weld-through primer, penti yoteteza dzimbiri yolola kuwotcherera pamwamba pake, musanagwirizitse. Pamene pali pomangira mpando, lamba kapena sipuling'i, njira imeneyi siyoyenera. Malo otere amanyamula moyo wa munthu pangozi, apiteni nawo kwa wodziwa.

Mukamaliza, zimitsani magetsi kapena dikirani madzulo, wina aunikire pansi inu mukuyang'ana pamwamba. Paliponse potuluka kuwala ndi polowera madzi, donthezanipo. Palani ndi flap disc pa msoko pokha, mopepuka, mukusuntha. Lata likasanduka labuluu mwalitenthetsa, ndipo kupala mofuna kuti pasaoneke konse kumapyapyalitsa lata la m'mbali. Kunsi sikufunika kupala.

Chitsulo chowotchereredwa chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha nyengo ya mvula, choncho penti ndi ya tsiku lomwelo. Pukutani ndi acetone, pakani primer ya epoxy kapena red oxide mbali zonse ziwiri, ikauma matani seam sealer, phala lotsekera misoko ya galimoto, pa msoko, kenako penti, ndipo kunsi mumalizire ndi phula la galimoto. Silikoni wa m'bafa ayi: wonunkha ngati viniga uja amadya chitsulo ndipo penti sagwirapo. Kaliyala naye alandire primer ndi penti kawiri, pamodzi ndi m'mabowo onse amene mwaboola pa mlomo wa bodi. Pobwezera batire yambani ndi positive ngati munaimasula, negative pomaliza. Mabawuti a kaliyala amangeni pa 45 Nm ngati muli ndi sipanala yoyezera, ndipo muwakungenso mukabwerako ulendo woyamba wa msewu wafumbi, poti labala ya pansi pa mapazi imakhala itaphwera.